Ntchito ikaima, ayenera kumva ndani?

Mankhwala a malungo akatha pa kachipatala ka m'mudzi ku Chiwamba, woyamba kudziwa ndi mlangizi wa zaumoyo amene amatsegula bokosi la mankhwala m'mawa. Wachiwiri ndi mayi amene wabwera ndi mwana wotentha thupi kumsana n'kubwezedwa. Munthu amene ali ndi mphamvu yotumiza mankhwala ena, kaya ali pa chipatala cha Chiwamba kaya ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, nthawi zambiri amakhala womaliza kumva. Pakati pa tsiku limene ntchito yaima ndi tsiku limene wokhoza kuiyendetsanso wamva, pamadutsa masiku, mwinanso masabata, ndipo masiku amenewa salembedwa mu lipoti lililonse. Chimodzimodzi mjigo umene wafa chifukwa cha kamphira kotsika mtengo, kapena mdadada wa sukulu umene wafika pa lintala n'kuima poti malata sanabwere.

Olemba mapulogalamu a pakompyuta akhala akulimbana ndi vuto lomweli, ngakhale kuti kwawo chimene chimasowa si mankhwala kapena malata. Ntchito yawoyi si yachilendo kuno: gulu la Baobab linayamba kupanga mapulogalamu olembera odwala pa chipatala cha Kamuzu Central kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. M'maofesi otere, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Sydney, muli chizolowezi choika chizindikiro, kawirikawiri kambendera, pa ntchito iliyonse imene yakanika kupita patsogolo. Kachinthu kake n'konyozeka, kudina kawiri kokha, koma mikangano imene kamadzutsa ndi yaikulu: ntchito yoima ndi iti kwenikweni, aike chizindikirocho ndani, chikhalepo mpaka liti, ndipo chikaikidwa anyamuke pampando ndani. Mafunso amenewa ndi omwenso komiti ya chitukuko ya m'mudzi imakumana nawo, choncho amakhudza ngakhale munthu amene sanatsegulepo laputopu.

Kuti timvetse kambenderaka, tiyambe ndi kumene kamagwiritsidwa ntchito. Njira yogwirira ntchito yotchedwa agile inadziwika ndi dzinali mu Febuluwale 2001, pamene akatswiri 17 anakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah ku America n'kulemba chikalata chachifupi cha mfundo zawo. Iwo anali atatopa ndi mapulojekiti okonzedwa papepala kwa miyezi yambiri, ogwiridwa mwakachetechete kwa chaka kapena ziwiri, n'kudzaululika kumapeto kuti chimene chapangidwa sichikugwira ntchito kapena mwiniwake sakuchifunanso. Anati ntchito izidulidwa tizidutswa ting'onoting'ono, kalikonse kazimalizidwa n'kuonetsedwa msanga, ndipo ogwira ntchito azilankhulana pafupipafupi. Njira ziwiri zimene zafala kwambiri ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995, ndi Kanban, imene David Anderson anaiyesa ku makampani a Microsoft ndi Corbis asanatulutse buku lake mu 2010. Mu Scrum ntchito imagawidwa m'nyengo zosapitirira mwezi umodzi zotchedwa sprint, ndipo tsiku lililonse gulu limakumana kwa mphindi 15.

Magulu otsata njira zonse ziwirizi amadalira bolodi. Bolodilo limagawidwa m'zigawo zoimirira: kumanzere ntchito zimene sizinayambe, pakati zimene zili mkati, kenako zimene zikuunikidwa, kumanja zimene zatha. Ntchito iliyonse ndi khadi limene limasuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Poyamba anali mapepala omata pakhoma. Lero ambiri amagwiritsa ntchito Jira, Trello, Azure DevOps kapena GitLab. Koma bolodi lili ndi bodza lake. Khadi limene mwiniwake akutuluka nalo thukuta, ndi khadi limene mwiniwake watha sabata yonse akudikira kuti kasitomala asaine kalata, onse awiri amakhala m'chigawo cha "zili mkati" ndipo amafanana ndendende. Woyang'ana bolodi amati ntchito zisanu zikuyenda, chonsecho zikuyenda ziwiri. Kambendera kanabwera kudzaulula bodza limeneli.

Mu Jira, pulogalamu imene kampani ya Atlassian ya ku Sydney inatulutsa mu 2002, munthu amasankha khadi n'kuliika mbendera. Khadilo limasanduka lachikasu, ndipo pali mwayi wolemba pomwepo chifukwa chake. Mbenderayi imalowa mu mbiri ya khadi, kotero mtsogoleri angathe kufunsa kompyuta kuti imuonetse makhadi onse a mbendera m'mapulojekiti onse nthawi imodzi, ndipo akatsegula khadi amapeza tsiku limene inaikidwa ndi limene inachotsedwa. Jira ilinso ndi njira ina, yolumikiza makhadi awiri n'kunena kuti ili likutsekereza ilo, imene imathandiza pamene chopingacho chili ntchito ya mnzako. Azure DevOps ya Microsoft, ikakhazikitsidwa motsata Scrum, imalola kuti chopingacho chikhale khadi pachokha, lokhala ndi munthu woti alithetse. Trello, imene Atlassian inagula mu 2017, imadalira mitundu: anthu amangogwirizana kuti wofiira ukutanthauza kuti ntchito yaima. Kusiyana kumeneku n'kwakung'ono, kupatula pa chinthu chimodzi. Chopinga chikakhala khadi pachokha, gulu limakakamizika kufunsa kuti ndi cha yani, pamene mtundu wachikasu pawokha sufunsa kanthu.

Funso limeneli ndi lalikulu chifukwa cha kumene lingaliro la mbenderali linachokera, ndipo sikunali ku makompyuta. Sakichi Toyoda wa ku Japan ankapanga makina oomba nsalu, ndipo otchuka kwambiri, a mu 1924, ankaima okha ulusi umodzi ukaduka, kuti asapitirize kuomba nsalu yolakwika. Kampani ya galimoto ya Toyota, imene mwana wake Kiichiro anayambitsa, inatengera nzeruyi m'mafakitale ake m'nthawi ya Taiichi Ohno. Pamwamba pa mzere wolumikizira galimoto panapachikidwa chingwe, ndipo wantchito aliyense, ngakhale wolembedwa dzulo, anapatsidwa ufulu wochikoka akaona vuto. Njirayi amaitcha andon. Chingwe chikakokedwa nyali imayaka pa bolodi lalikulu kusonyeza pamene pavuta, kanyimbo kamalira, ndipo kapitawo wa gululo amathamangira pomwepo. Vuto likathetsedwa galimotoyo isanadutse malire a malo a wantchitoyo, mzere suima n'komwe. Likakanika, mzere umaima.

Ambiri akamasimba nkhaniyi amagoma ndi chingwecho, koma wofunika ndi kapitawo uja. Toyota inkalipira munthu amene mbali ya ntchito yake inali kuyankha, ndipo ankayankha nthawi yomweyo, osati pa msonkhano wa Lolemba. Mapulogalamu athu anatengera nyali ija, poti kusintha mtundu wa khadi sikuvuta. Kapitawo ndiye anatsalira. Buku la malamulo a Scrum limati munthu wa udindo wotchedwa Scrum Master ndiye ayenera kuonetsetsa kuti zopinga zachotsedwa, koma m'makampani ang'onoang'ono udindowu amausenzetsa munthu amene ali kale ndi ntchito zake zitatu, wopanda mphamvu pa ofesi ya ndalama kapena pa kasitomala. Buku lomweli litakonzedwanso mu 2020 linachotsa mafunso atatu amene ankafunsidwa pa msonkhano wa tsiku ndi tsiku, ndipo limodzi mwa mafunsowo linali lokhudza zopinga. Alembi ake sanafune kuti magulu azingolakatula mayankho mwamwambo, ndipo anali ndi mfundo. Komabe gulu limene lasiya kufunsa funsolo popanda kupeza njira ina yolifunsira limadzakhala ndi makhadi achikasu amene aliyense wawazolowera moti sakuwaonanso.

Mkangano umene umabuka m'gulu lililonse latsopano ndi wa malo oikapo ntchito yoima. Ena amatsegula chigawo chapadera pa bolodi, cholembedwa kuti "zaima", n'kumasunthiramo makhadi onse ovuta. Poyamba zimaoneka zaudongo. Koma khadi likalowa mmenemo limataya malo ake, moti sizidziwikanso ngati linaima likulembedwa, likuyesedwa kapena likudikira chilolezo, chonsecho ichi ndicho chikanatiuza mbali ya ntchito imene imatsamwa kawirikawiri. Limatayanso mwini wake, chifukwa amene walisuntha amaona kuti m'manja mwapepuka n'kutenga khadi latsopano. Ngolo ikatitimira pa dambo simuikankhira m'tchire kuti msewu uoneke bwino. Imakhala pomwepo, itchinge njira, mpaka odutsa atsike adzathandize kukankha. Aphunzitsi ambiri a Kanban amalangiza zomwezo, ndipo ine ndili kumbali yawo: khadi likhale pamene laimira, liikidwe chizindikiro, ndipo lipitirize kuwerengedwa pa chiwerengero cha ntchito zimene gulu laloledwa kugwira nthawi imodzi.

Chiwerengero chimenechi ndicho chimachititsa kuti mbendera iwawe. Kanban imati gulu lidziikire malire, mwachitsanzo makhadi anayi okha m'chigawo cha "zili mkati". Awiri akaima, malo otsala ndi awiri. Atatu akaima, anthu amayamba kukhala manja lende, ndipo chopinga cha munthu mmodzi chasanduka nkhani ya onse. Masamu ake anawatsimikizira John Little mu 1961: nthawi imene chinthu chimatha pamzere imapezeka pogawa kuchuluka kwa zinthu zimene zili pamzerepo ndi liwiro limene zimatulukira. Gulu lomaliza ntchito 5 pa sabata likakhala ndi ntchito 10 zotsegula, iliyonse imatenga pafupifupi masabata 2. Likatsegula 30 imatenga masabata 6, anthu ali omwewo, khama lili lomwelo. Khonsolo imene ingayambe midadada ya sukulu khumi ndi ndalama zokwanira kumaliza inayi ikuchita masamu omwewa, kungoti zotsatira zake zimaoneka ndi maso, makoma opanda denga amene mvula ikunyenya chaka ndi chaka.

Nanga ntchito yoima ndi iti? Apa pamafunika kuuma mtima pang'ono, chifukwa mbendera ikamaikidwa pa chilichonse imaleka kutanthauza kanthu. Ntchito yovuta si yoima: wolemba pulogalamu amene watha masiku awiri akufunafuna pamene palakwika akugwira ntchito ndithu, mwina akungofunika mnzake woti aganize naye. Ntchito imene ikudikira nthawi yodziwika si yoimanso. Konkire ikathiridwa imayenera kuuma, ndipo palibe woti aimbiridwe foni. Ntchito imene mwiniwake waisiya chifukwa bwana wamupatsa ina yachangu ndi nkhani ya bwanayo, ndipo kuiika mbendera osanena zimenezo n'kubisa chilungamo. Yoima kwenikweni ndi imene mwiniwake ali wokonzeka kuigwira lero koma sangathe, chifukwa chimene chikusoweka chili m'manja mwa munthu wina: chilolezo cholowera mu seva ya unduna, yankho la kasitomala, chipangizo chimene chikudikira mapepala pa chipata cha Mchinji kapena cha Dedza, ndalama za gawo lachiwiri zimene sizinalowe ku banki.

Mbendera yothandiza imanena chimene chikusoweka, dzina la munthu amene angachipereke, tsiku limene ntchito inaima, ndi tsiku limene gulu lidzafunsenso. "Tikudikira ofesi" si chifukwa chokwanira. Ofesi siyankha foni, amayankha ndi munthu. Tsiku loyambira ndilo anthu amalinyozera, chonsecho ndilo limasiyanitsa chopinga cha dzulo ndi cha mwezi watha, zimene pa bolodi zili ndi mtundu umodzi. Magulu ena amalemba kadontho pa khadi m'mawa uliwonse. Ena amauza Jira kuti itumize uthenga kwa mkulu wa dipatimenti mbendera ikakwanitsa masiku atatu. Ndipo pa msonkhano wa m'mawa, m'malo mozungulira mmodzimmodzi kuti afotokoze zimene anachita dzulo, amayamba ndi makhadi oima, kuyambira lakale kwambiri. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo n'zoona kuti woika mbendera ayenera kukhala mwini ntchitoyo, nthawi yomweyo, osadikira msonkhano. Koma kulondola yankho kusasiyidwe kwa iye yekha, chifukwa nthawi zambiri amene waimitsa ntchitoyo ndi munthu woti wamng'onoyo sangamuimbire foni kawiri.

Kuchotsa mbendera kulinso ndi msampha wake. Foni ikaimbidwa, wakuofesi n'kunena kuti "tizikonza mawa", mitima imatsika ndipo wina amachotsa chizindikirocho. Lonjezo si katundu. Ngati mbendera ichoka pa lonjezo n'kudzaikidwanso sabata yotsatira, mbiri ya khadi imaonetsa timavuto tiwiri tating'ono m'malo mwa vuto limodzi lalitali. Iyenera kuchoka pamene mwini ntchito wayambadi kuigwira.

Tsono pali mbali imene mapulogalamu sathandiza konse. Kuika mbendera n'kunena pagulu kuti china chake chalakwika, ndipo nthawi zambiri n'kuloza chala, ngakhale mwaulemu, munthu wamkulu kuposa iwe. Ife tinaleredwa kuti bwana akafunsa za ntchito timayankha kuti "zikuyenda bwino, bwana," mavuto n'kudzawatchula pambuyo, mozungulira, mwina kudzera mwa munthu wina. Ulemu umenewu uli ndi ubwino wake ndipo sindikulakalaka kuti uthe, koma pa bolodi umabala makhadi ooneka amoyo ntchito itafa kalekale. M'mabungwe odalira thandizo lakunja mumawonjezekanso mantha ena: lipoti la miyezi itatu likaonetsa zofiira zambiri, kodi ndalama za chaka chamawa zibwera?

Matendawa si athu okha. Alan Mulally atachoka ku Boeing kukatsogolera kampani ya Ford mu 2006, anakhazikitsa msonkhano wa Lachinayi lililonse pomwe mkulu aliyense ankaonetsa ntchito zake ndi mitundu: wobiriwira ngati zili bwino, wachikasu ngati pali nkhawa, wofiira ngati zavuta. Chaka chimenecho kampaniyo inataya ndalama zoposa madola 12 biliyoni, koma kwa masabata angapo matchati anali obiriwira okhaokha. Woyamba kuonetsa chofiira anali Mark Fields, amene anaimitsa kutuluka kwa galimoto yatsopano ya Ford Edge chifukwa cha vuto pa chitseko cha kumbuyo. Anzake ankati basi ntchito yamuthera. Mulally anaomba m'manja n'kufunsa amene angamuthandize, ndipo m'masabata otsatira matchati anadzaza mitundu yonse. Fields anadzakhala mkulu wa kampani yonse mu 2014. Nkhaniyi yasimbidwa kambirimbiri ndipo mwina pena yakometsedwa, koma ikuonetsa chimene antchito amayang'ana. Sawerenga malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka mbendera. Amayang'ana chimene chachitikira mnzawo amene anayamba kuiika.

Umboni wabwino kwambiri pa nkhaniyi, kwa ine, uli konkuno. Kuyambira 2008 boma linayamba kuphunzitsa alangizi a zaumoyo, ma HSA, kuti azichiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba mwa ana osakwana zaka zisanu m'midzi yakutali ndi chipatala. Vuto linali mankhwala. Mlangizi ankalemba lipoti papepala, kupalasa njinga mpaka ku chipatala, mwina n'kupeza kuti nakonso mankhwala a malungo a LA kulibe, n'kubwerera chimanjamanja. Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi bungwe la JSI komanso ndi ndalama za Bill & Melinda Gates Foundation, unayambitsa cStock. Mlangizi ankatumiza SMS pa foni wamba kunena kuchuluka kwa mankhwala amene watsala nawo, kompyuta inkawerengera zimene akufunika n'kuuza chipatala chake, ndipo chipatala chikalongedza chinkamudziwitsa kuti abwere adzatenge. Mankhwala akatsala pang'ono kutha mwezi usanathe panali uthenga wapadera wopempha mwachangu, ndipo akuluakulu a ku boma ankaona pa intaneti malo amene mankhwala atha. Imeneyi ndi mbendera ndithu, ngakhale palibe anaitchula motero.

Chochititsa chidwi ndi mmene anaiyesera. Maboma 6 analandira cStock yofanana. Atatu, Machinga, Mulanje ndi Nkhata Bay, anawonjezeredwa maphunziro okonza njinga ndi njira yatsopano yoitanitsira mankhwala. Atatu enawo, Kasungu, Nkhotakota ndi Nsanje, anakhazikitsa magulu ophatikiza alangizi, owayang'anira, ogwira ntchito pa chipatala ndi akuluakulu a ku boma. Maguluwa ankakumana nthawi ndi nthawi kuona zimene cStock ikuonetsa, kulemba m'buku vuto lililonse ndi chimene agwirizana kuchita, n'kudzafunsana pa msonkhano wotsatira. Zotsatira zinasindikizidwa mu Journal of Global Health mu 2014. M'maboma okhala ndi magulu aja, malipoti 94 mwa 100 alionse oyembekezeka ankafika, pamene kwinako anali 79. Kuchokera pa kupempha mankhwala kufika pa kuwalandira pankadutsa masiku pafupifupi 13, pamene kwinako anali 26. Kutha kwa mankhwala kunalinso kocheperako.

Maboma amasiyana misewu ndi utsogoleri, choncho sitinganene kuti kusiyana konseko kunabwera ndi magulu okha. Komabe pulogalamu inali imodzi, ndipo kumene kunali anthu okhala pansi kuti ayankhe, nthawi yodikira inali theka. Chiwerengero cha malipoti chija chikunenanso kanthu: alangizi ankatumiza mauthenga mokhulupirika kwambiri kumene mauthengawo ankakambidwa ndi kuyankhidwa. Munthu amene watumiza uthenga katatu osamva kalikonse satumizanso kachinayi, ndipo pakompyuta dera lake limayamba kuoneka labata. Unduna unavomereza kuti njira ya maguluyi ifalikire, ndipo m'zaka zotsatira cStock inafika m'maboma onse, kuphatikizapo Lilongwe.

Palinso mtundu wa zopinga umene mabuku a agile olembedwa ku America ndi ku Ulaya satchula kawirikawiri, koma kuno ndiwo wochuluka: zimene palibe m'gulu, ngakhale m'bungwe lonse, angazichotse. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ntchito iliyonse yodalira magetsi inayamba kuyenda modukizadukiza. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kontirakitala amene anali atasainira mtengo wakale anapeza kuti ndalamazo sizingagulenso simenti yokwanira. Onjezani kusowa kwa mafuta a galimoto, ndi kwa ndalama zakunja zolipirira seva kapena laisensi. Kuika mbendera pa makhadi 20 n'kulemba kuti "magetsi" pa lililonse n'kutaya nthawi. Chopinga chotere malo ake ndi mu pulani: kugula sola, kukonza kuti ntchito zofuna intaneti zizichitika tsiku limene munthu ali m'tauni, kulemba mgwirizano umene umalola kuunikanso mitengo.

Kuti gulu lidziwe zopinga zimene zafika pamenepo, liyenera kusunga mbendera zakale. Klaus Leopold wa ku Austria ndi Troy Magennis anafalitsa njira yosavuta. Chopinga chikathetsedwa kapepala kake sikatayidwa. Kamalembedwa masiku amene kanadya n'kusungidwa. Pakatha mwezi kapena itatu gulu limayala timapepala tonse patebulo, kuunjika tofanana pamodzi, n'kuwonkhetsa masiku a mulu uliwonse. Zimene zimatuluka sizikhala nthawi zonse zimene anthu amadandaula nazo mokweza. Aliyense amakumbukira tsiku limene seva inagwa, koma mulu waukulu ungapezeke kuti ndi wa timasiku tiwiritiwiri todikira siginecha ya munthu mmodzi amene sabata ino ali ku msonkhano ku Mponela, yamawa ku Salima. Mankhwala ake si mbendera ina, ndi kupatsa wachiwiri wake mphamvu yosaina.

Kodi komiti ya chitukuko ya dera ku Chiwamba, kapena ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, iyenera kutsegula Jira? Jira ndi yaulere kwa gulu losapitirira anthu khumi, Trello nayonso ili ndi gawo laulere, koma zonsezi zimafuna foni yamakono, bandulo ya Airtel kapena TNM, netiweki yosadukaduka ndi Chingerezi. Bolodi limene amaliona anthu atatu a mafoni abwino, pamene oumba njerwa ndi otuta mchenga saliona, labwezeretsa vuto lomwe lija lakuti odziwa ndi ena, okhoza kuchitapo kanthu ndi ena. Gulu la WhatsApp, limene ndilo ambiri amadalira, limafalitsa uthenga msanga koma limaukwirira msanganso: dandaulo la Lachiwiri pofika Lachisanu lili pansi pa mauthenga a maliro, mapemphero a m'mawa ndi zithunzi. Pepala lalikulu lomatidwa pa khoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu kapena pa chipatala, la zigawo zitatu ndi cholembera chofiira, limachita pafupifupi zonse zimene tafotokozazi kupatula kufikitsa uthenga ku boma. Makwerero ake alipo kale pansi pa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, kuchoka ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kupita ku ya dera (ADC) mpaka ku khonsolo. Chimene chimafunika kuwonjezera ndi pangano lakuti chopinga chikakhala masiku akutiakuti pa komiti imodzi chikwere pa yotsatira, ndi kuti chikafikako ayankhe ndani.

Ndipo mbendera ina iyenera kutsika ntchito isanayambenso, chifukwa nthawi yake yapita. Wolemba pulogalamu akaphonya sprint ino adzagwira yotsatira, koma ulimi sulola zimenezo. Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaulimi ku dera la zaulimi (EPA) la Chiwamba wakonza munda wachitsanzo wa chimanga, alimi apanga mizere mu Okutobala, koma mbewu ndi feteleza sizinafike. Mbendera yoikidwa mu Novembala ili ndi tanthauzo, poti mvula yobzalira kuno ku Lilongwe imagwa kumapeto kwa mwezi umenewo kapena mu Disembala. Ikafika pakati pa Januwale ikadali pa khadi, sikunenanso zoona, chifukwa ikuuza alimi kuti adikire chinthu chimene ngakhale chitabwera mawa sichingathandize. Mbendera yotere iyenera kulembedwa ndi tsiku lomaliza, limene likadutsa khadi limachotsedwa pa bolodi, wina n'kupita kukauza eni munda maso ndi maso kuti chaka chino zakanika, abzale mbatata nthaka ikadali yonyowa. Mapulogalamu onse amene tatchulawa ali ndi njira yotsekera khadi popanda kunena kuti ntchito yatheka, koma atsogoleri amazengereza kuigwiritsa ntchito. Khadi lachikasu limatha kulowa mu lipoti ngati ntchito "yochedwa pang'ono", pamene lotsekedwa limafuna kuti wina alembe dzina lake pansi pa chiganizocho.